Kansanza ka Azakhali a Rhimou

Siham Bakkali sankadziwerengera m'gulu la akuba. Wakuba amayenda monyang'ama, koma iye anakwera phiri dzuwa likuswa mtengo, chikwama cha mapensulo kumsana, akupereka salamu kwa aliyense wokumana naye. Anakhala pansi pa mtengo wa azitona wa pamanda a Sidi Amran, munthu woyera wamakedzana, n'kujambula mpaka msana kuphwanya. Kenaka, munthu amene amati sakuba uja, anacheuka uku ndi uku, n'kuchotsa tinsanza tingapo pa nthambi ya m'munsi, tina pomasula, tina pongosolola ndi mfundo yake, n'kutiponya m'botolo.

Phiri limenelo linameteka kalekale. Mbuzi ndi owotcha makala anathana nalo. Koma kankhalango kozungulira mandawo palibe amene anakalowamo ndi nkhwangwa. Ngakhale nthambi yogwa yokha imawolera pomwepo, kumudzi anthu akulira nkhuni. Munthu akakhala ndi chomusowetsa tulo amang'amba kansalu pa chovala cha amene akumupempherera, n'kukamanga pa nthambi. Akamanga, basi. Samasula kake, samasula ka mnzake, amangodikira. Tsiku limene kadzagwe kokha ndiye kuti Mulungu wamva, chimene anapempha chili m'njira. Mashehe a m'tauni amati zimenezi n'zachikunja. Anthu a kumudziko amavomera ndi mutu mwaulemu, m'mawa mwake n'kukamanga kena.

Siham anakulira m'mudzi womwewo, ndipo mwambowu ankaudziwa ngati dzina lake. Koma anali atakhalitsa m'tauni ya Tetouan, kumene anaphunzira zojambula, ndipo sukulu ili ndi khalidwe lake: imaphunzitsa munthu kupatsa zinthu zoipa mayina osalala. Iye ankati akutenga zitsanzo. Ankakonzekera chionetsero cha zojambula za makala, mapepala aakulu ngati zitseko, ofunsa funso limodzi: pemphero likasiyidwa panja, pamvula ndi padzuwa, limasanduka chiyani? Funsolo linali labwino, tisamunamizire, ndipo analigwira ndi mtima wonse.

Mnzake Nawfal, wophunzitsa za zomera kuyunivesite, ndiye anali ndi maikulosikopu.

"Wandibweretsera madandaulo a mudzi wonse m'botolo?" anatero Nawfal, akulipenda pawindo. "Mwini mtengo akudziwa?"

"Mwini mtengo anamwalira agogo a agogo ako asanabadwe."

"Amenewo ndiye oopsawo. Wamoyo umatha kumupepesa ndi tiyi."

Anaseka onse. Kenaka Siham anaika diso pagalasi, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Kansanza kamene kunja kankaoneka ngati kopukutira poto, mkati mwake munali munda. Ulusi uliwonse unali chingwe chachikulu, ndipo pa zingwezo panayanga nguwi yoyera, yopyapyala kuposa tsitsi la khanda. Pa tinsanza takale panali ndere zonga timbale. Panali tizilombo ta miyendo yambiri tikuyenda mosafulumira, tikudya. Zonse zinkadya. Nawfal ankatchula mayina a Chilatini ngati akuitana ana ake, koma Siham sankamumva. Ankaganiza za amayi amene anamanga mfundozi akulira, osadziwa kuti akudyetsa mtundu wathunthu wa zamoyo, ndiponso kuti yankho limene akulidikira likubwera kudzera m'kamwa mwa tizilombo timeneti. Sanadziwe ngati zimene akuonazo zikuchepetsa Mulungu kapena zikumukulitsa, ndipo kusadziwako n'kumene ankafuna kujambula.

Kamodzi kanamutenga mtima kuposa tinzake. Kanali kolala ya shati yabuluu yosuluka, yokhala ndi batani lobenthuka m'mphepete, losokedwa ndi ulusi wokhuthala wosokera matumba. Mfundo yake inali yopinda kawiri, yonga yomangira mbuzi yothawathawa. Akanakhala ndi maso a kumudzi akanaidziwa mfundo imeneyo, koma tsikulo anali ndi maso a kusukulu. Nawfal anadula mchira wake ndi lezala, n'kuuviika m'mankhwala ofiirira kuti nguwi ioneke bwino. Chotsalacho Siham anapita nacho kuchipinda chake chojambulira, pamwamba pa sitolo ya nsapato, n'kukhoma pepala lalikulu kukhoma.

Tsopano Siham anali ndi azakhali ake, a Rhimou, mlongo wa bambo ake, amene anamutenga mayi ake atamwalira. Azakhaliwa anali ndi mwana mmodzi yekha, Zouhair, amene Siham anakula naye akudyera mbale imodzi ndi kumenyanirana bulangete. Mnyamatayo atatopa ndi kusaka ntchito anakwera kabwato ka labala kopita ku Spain, ndipo chikwerereni sanamvekenso. Dzinja linadutsa. Ndiye mayi wina dzina lake Ouafae, wa bungwe lothandiza abale a anthu osowa panyanja, anatumiza chithunzi cha jekete la mtembo umene unapezeka pagombe la tsidya lina. Jeketelo Siham analidziwa, chifukwa iye ndiye anamugulira. Koma majekete otero ndi ambiri, ndipo nkhope nyanja inali itathana nayo. Panafunika malovu a mayi a Zouhair, kuti akayeze ngati ndi magazi amodzi. Siham anavutika nawo azakhali akewo, kunyengerera, kulira, kukalipa, mpaka anavomera kuti abwera kutauni adzapereke.

Foni yawo inalira Siham ali pamakwerero, manja ali bii ndi makala.

"Siham! Uli chiimire? Khala pansi, mwanawe, ungadzipweteke."

"Kwagwanji, azakhali?"

"Zouhair ali moyo."

Siham anatsika pamakwerero. "Waimba? Mwamva mawu ake?"

"Aimbe bwanji amene uja, mafoni amataya ngati makoko a mtedza? Kansanza kanga, mwanawe. Ka kwa Sidi Amran. Sindinakuuze chifukwa iwe umaseka zinthu. Ndinang'amba kolala ya shati yake yabuluu ija atangosowa. Lachisanu lililonse ndimakwera kukaona, kali pompo, gwa! Lero ndafika, palibe. Ndafufuza pansi ponse, mphepo yatenga. Mfundo yomanga ine! Iwe ukuidziwa, ngakhale mbuzi ya Satana singaimasule. Ena amadikira mpaka imvi, ine chaka sichinathe n'komwe."

Siham anatembenuka. Kukhoma kunali batani lalikulu ngati thireyi ya tiyi, lobenthuka m'mphepete, likumuyang'ana.

"Ndiye kwa anthu a malovu aja sindibweranso," azakhali anapitiriza. "Uwathokoze. Mtembo umenewo ndi wa mayi wina, Mulungu amulimbitse mtima. Wangayo akubwera. Ukundimva, kapena wakomoka?"

Apa ndi pamene panali pakhomo potulukira, ndipo panali potsegula. Mawu ake anali ochepa: ndinachotsa ndine. Koma m'foni munali mawu amene Siham anali asanawamve chisowereni Zouhair, mawu a azakhali ake enieni, aphokoso, odula anzawo pakamwa.

"Mulungu ndi wamkulu, azakhali," anatero.

Kuba kwenikweni kunali kumeneku. Za pamtengo zija anachita mosadziwa kuti akubera yani, koma izi ankadziwa.

Anapita kumudzi Lachisanu lotsatira, kansanza kali m'thumba la jekete, mawu atawayala bwinobwino m'mutu. Njira yonse m'takisi ankawabwereza. Atafika anapeza azakhali atakwera pampando, atamanga nsalu yawo ya mizere yofiira m'chiuno, akupaka laimu chipinda cha Zouhair. Mayi amene dzinja lonse anakhala mumdima, osasamba bwino, akubweza chakudya cha anansi, lero anali kuimba nyimbo za paukwati ndi mawu osasa. Matiresi anali padzuwa. Kamwana ka mbuzi kanali kachimangire pa mkuyu, kakudya balere ngati mlendo wolemekezeka.

"Taonani mlendo wa ku Tetouan! Ha, kuwonda kumeneku n'kwa fasho kapena njala? Ndipo manjawo! Mwamuna wake ndani angakwatire wowotcha makala?"

"Ndasamba, azakhali."

"Wasamba ndi chiyani, mwaye? Khala pansi udye."

Anamuikira bisara, phala la nyemba lija, atathira mafuta a azitona mosaumira, ndi buledi wotentha. Azakhali anadya mbale yawo yonse n'kupukuta ndi buledi. Siham ankangoviika. Mnansi wawo, mayi Fdila, analowa ndi mazira m'chipewa, ndipo asanakhale n'komwe anayamba nkhani.

"Mwezi uno Sidi Amran wadzuka bwino, mwana wanga. Si azakhali ako okha. Kanganso kagwa, ka mwana wanga wosabereka uja. Ka mkazi wa Layachi nakonso. Nthambi imodzi, onse pamodzi, ngati nkhuyu zakupsa!"

Siham anasiya kutafuna. Anamwa madzi, n'kuyesa kulowera chammbali.

"Koma azakhali, nanga ngati... ngati munthu wina anachotsa?"

Amayi awiriwo anayang'anana, n'kuphulika kuseka.

"Munthu? Wobadwa kwa mayi?" anatero azakhali, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "M'mudzi muno ngakhale wamisala amadziwa malire. Ngakhale akuba mbuzi akafika pamenepaja amavula nsapato. Amene angachite zimenezo ndi munthu wopanda kwawo, wosaleredwa. Iwe maganizo oterewa umawatenga kuti? Sukulu inakuwononga mutu."

"Ndimangofunsa."

"Usamafunse zopusa pa chakudya. Onjezera mafuta."

Masana anakwera yekha kumtengo, ndi nzeru yatsopano: angokabwezeretsa. Atafika anatulutsa kansanzako n'kuona kupusa kwake. Kanali kodulidwa mchira, m'mphepete muli mankhwala ofiirira. Ndiponso azakhali akadzakapeza kabwerera pa nthambi adzati chiyani? Kuti Mulungu anapereka n'kulandanso? Anaima pamenepo nthawi yaitali, mbalame zikulira m'kankhalangomo ngati palibe chachitika. Anafuna kupempha chikhululuko, koma sanadziwe kwa yani: kwa munthu wa m'manda amene ankati sakhulupirira, kapena kwa mayi amene anali kumusi akupaka laimu. Anabweza kansanza m'thumba n'kutsika. Potsanzikana azakhali anamupatsa tchizi cha mbuzi chokulunga m'masamba, ndipo anachilandira ndi manja awiri.

Mayi Ouafae anaimba sabata yomweyo. Anali munthu wa mawu otsika, wozolowera kulankhula ndi anthu osweka mtima, koma sankazungulira.

"Mwana wanga, kutsidyako sangasunge mtembo mpaka kale. Mwezi ukatha amuika."

"Amuika kuti?"

"M'kabowo ka m'khoma, mmene amaikira kumeneko. Pakhomo pake nambala. Wosasambitsidwa, wopanda sanda yoyera yokulungira mtembo, wosayang'ana kuchibula kumene timayang'ana poswali. Akatseka, kumutulutsa ndi nkhani ya zaka, ndipo ambiri amatopa panjira."

"Malovu anga sangathandize? Ndine msuweni wake."

"Usuweni ndi wapatali. Akufuna a mayi. Achita chiyani mayiwo, anali atavomera bwinobwino?"

"Aona chizindikiro."

Mayi Ouafae anapuma mozama. "Zizindikiro. Ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku, maloto, mbalame, alauli. Sindiziseka, zimasunga anthu amoyo. Koma ngati ndi iyeyo, mnyamatayo ali ndi ufulu wogona m'dothi la kwawo. Yesetsani."

Siham anauza Nawfal zonse. Ankayembekeza kuti amutukwana, ndipo mwina akanapepukidwa. Koma Nawfal anangovula magalasi n'kutikita maso.

"Kawauze, Siham."

"Sunawaone iwe. Akudya. Akuimba."

"Akuimba nyimbo imene wawapatsa ndi iwe."

"Ndikawauza ndiwapha."

"Ukapanda kuwauza uika m'bale wako m'khoma ngati fayilo. Sankha. Ndipo lezala ija inali yanga, usaganize kuti ine ndikugona bwino."

Sanasankhe. Anachita zimene amachita anthu amantha: anagwira ntchito. M'mawa uliwonse ankati lero ndiimba, n'kutenga kaye khala kuti akonze pang'ono pamfundo, dzuwa n'kupendeka foni ili chigonere. Ndipo chonyansa kwambiri n'chakuti chojambulacho chinkakongola. Chibadwire sanajambulepo chinthu chotero. Dzanja linkadziwa lokha pokanikiza ndi popepuka. Ulusi wa azakhali unatuluka papepala ngati mizu, nguwi ikuyanga pakati pake, tizilombo tili pantchito yawo m'mithunzi ya mfundo. Mwini nyumba ya chionetsero atabwera kudzaona anati chimenechi ndicho chidzakhale pakhomo penipeni. Siham anamva kukoma mumtima, ndipo atangomva kukomako anadzida. Anachotsa pepalalo kukhoma, n'kulikhoma pa thabwa, n'kulitembenuza kuti liyang'ane kukhoma. M'mawa mwake analitembenuzanso kuti amalize batani.

Mwezi unali kumapeto pamene anamva phokoso pamasitepe, munthu akukwera akudandaula za maondo ndi kutukwana amene anamanga nyumbayo. Siham anangokwanitsa kutembenuza thabwa lija.

"Ndiye umakhala kumwamba kuno ngati dokowe?" anatero azakhali, akupuma wefuwefu pakhomo, chipewa chawo chachikulu cha mlaza chikugunda mafelemu. "Tenga katunduyu. Pang'onopang'ono, muli shuga."

"Bwanji osandiuza kuti mukubwera?"

"Kuti ubise amuna? Ndabwera kumsika. Taona."

Anamasula pepala la sitolo. Munali jalaba yachimuna, mkanjo wautali uja, yaubweya, yotuwira, yosokedwa bwino pakhosi.

"Adzafika ndi zovala za azungu zothina zija. Sangalowe nazo mumzikiti, anthu adzaseka. Ndatenga yaikulu pang'ono, kumeneko amati anthu amanenepa. Wasitoloyo amafuna kundidyera masuku pamutu, ndamuuza kuti ine ndinayamba kugula nsalu iye akuyamwa. Gwira, umve kulemera kwake."

Siham anaigwira. Inali yofewa, yofunda ndi dzuwa la mumsewu. Anaika madzi a tiyi pamoto kuti apeze poyang'ana. Azakhali ankazungulira m'chipindamo, akugwedeza mutu pa zojambula za makungwa ndi mizu, akufunsa ngati anthu amagula zinthu zopanda nkhope ya munthu. Ndiye mzikiti wapafupi unaitana swala ya masana.

"Chibula chili kuti m'chisa chako chino?"

"Uko, cha kuwindo."

"Ndiye ndiswali nditayang'ana thabwa? Chotsa ichi."

"Dikirani, azakhali, ndichotsa ndine..."

Koma mayi amene amanyamula mitolo ya nkhuni kuphiri sadikira mwana wa m'tauni kuti amusunthire thabwa. Analigwira m'mphepete n'kulizunguza.

Madzi anayamba kuwira. Palibe amene anawasamala.

Azakhali anabwerera m'mbuyo, chifukwa chinthucho chinali chachikulu kuposa iwo. Anachiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Poyamba nkhope yawo inali ya munthu amene akufuna poseka. Kenaka anavula chipewa. Anayandikira, n'kuloza batani ndi chala, osalikhudza.

"Ili linabenthuka ndi chitseko cha khola," anatero motsitsa. "Ulusi wabuluu unali utatha. Ndinasoka ndi wa matumba, iye n'kumadandaula kuti anzake amuseka."

Anacheukira kwa Siham.

"Unakajambula kali pamtengo?"

Khomo lina linali limenelo, laling'ono, ndipo azakhali ndi amene analitsegula, mwina dala. Siham anatsegula kabati, n'kutulutsa kansanza, n'kukaika m'dzanja lawo.

"Sikanagwe, azakhali. Ndinachotsa ndine. Sindinadziwe kuti ndi kanu. Koma pamene munaimba paja ndinadziwa, ndipo ndinakhala chete."

Siham anadikira khofi patsaya. Ankalifuna. Ali mwana azakhali ankamenya msanga n'kuiwala msanga, ndipo madzulo ake munthu unkadya bwino. Koma dzanja silinabwere. Azakhali anatembenuza kansanzako, n'kusisita podulidwa paja ndi chala chachikulu.

"Ka Fdila?"

"Ndine."

"Ka mkazi wa Layachi?"

"Ndine."

Anakhala pansi pa bokosi la mapepala, pang'onopang'ono, ngati munthu wochokera ku ulendo wautali. Maso anabwerera pa chojambula.

"Tsitsi loyera ili n'chiyani? Ine sindinamange ndi tsitsi."

"Ndi nguwi. Ndi yamoyo. Imadya nsalu, pamodzi ndi tizilombo iti. Maso satha kutiona, koma tilipo pa kansanza kalikonse."

"Ndiye kuti timeneti tinali titayamba kale kudya."

"Eya."

"Kakanagwa kokha."

"Kakanagwa. Mwina chaka chamawa, mwina chinacho."

Azakhali anagwedeza mutu. "Ukuganiza kuti sindidziwa kuti nsalu imawola? Ndachapa nsalu moyo wanga wonse. Ndimadziwa kuti pali chimene chimadya. Koma amene amachiuza tsiku loti chimalize si iwe. Ine ndinafunsa funso, Siham. Ndinalisiya pamenepo, ndipo ndinali kudikira ngati munthu. Mwina akanati inde, mwina akanandisiya ndife kali pompo, ndikanamva. Iwe wabwera pakati n'kuyankha m'malo mwake. Tsopano sindidzadziwanso chimene akanandiuza."

"Ndikhululukireni, azakhali."

"Ndadya," anatero, ngati sanamve. "Mwana wanga ali m'firiji ya azungu, ine ndikupukuta mbale ndi buledi. Ndaimba. Iwe uli pompo, ukundiyang'ana."

Apa Siham analira, kulira konyansa kwa mamina, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Azakhali sanalire. Anadzuka, n'kuzimitsa moto wa tiyi, chifukwa gasi sawononga ngakhale pamaliro. Anapita kumpopi kukatawasa, kusamba kokonzekera swala. Anayala mpango pansi, chammbali kuti chojambulacho chisakhale patsogolo pawo, n'kuswali swala yawo yonse mosafulumira. Siham anaima kukhoma, osadziwa poika manja. Atamaliza anakhala chogwada nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Aimbire anthu a malovu aja," anatero asanatembenuke. "Uwauze kuti ndili m'tauni. Lero lomwe, ndisanasinthe mtima."

Siham anaimba foni. Mayi Ouafae anati abwere pompano, nthawi ikadalipo.

"Ichi ndiching'amba," anatero Siham, akuyang'ana chojambula. "Sichipita kuchionetsero."

"Ung'ambe kuti upepukidwe? Ayi. Chisiye. Ukachipachike pamene anthu ambiri amadutsa, ndipo akakufunsa kuti unakapeza bwanji, uziwauza. Kwa Fdila ukanena wekha, ndi pakamwa pakopo. Ine sindikunyamulira."

Anamanga kansanza pa nsonga ya mpango wawo, n'kukulunganso jalaba ija m'pepala lake, mosamala, akutsata mopindika mwakale. Shuga anamusiya patebulo.

"Tidzera kusitolo kuja. Akandisinthire ndi nsalu yoyera."

"Azakhali, sitinadziwe. Sanayeze n'komwe. Mwina si iyeyo."

"Ngati si iyeyo, sanda siwonongeka. Idzandidikira ine."

Masitepe anali otsetsereka, ndipo maondo awo anali omwe aja. Siham anatambasula dzanja kuti awagwirize, monga ankachitira nthawi zonse. Azakhali analiyang'ana dzanjalo, makala ali m'zikhadabo, n'kusamutsira phukusi kumbali imeneyo. Anatsika okha, atagwira khoma, sitepe imodzi imodzi, ndipo Siham ankabwera pambuyo.